Maliro Obwereka

Kashopu ka Lemmy ku Kapata, komboni ya mu Chipata, kanapanikizika pakati pa malo ometera tsitsi ndi mayi wogulitsa makala, moti fumbi lakuda linkalowa m'kompyuta yake tsiku lililonse ngati nalo limalipira lendi. Pachitseko panalembedwa ndi penti yofiira kuti amajambula maukwati, maphwando a kicheni pate ndi maliro. Ntchitoyo inkawadyetsa bwino ndithu, iye ndi mkazi wake Charity, koma ankaigwira monyinyirika, chifukwa mumtima mwake Lemmy sanali wojambula maukwati. Anali mwini filimu, ndipo aliyense wobwera kudzatenga vidiyo yake ankayamba wamvera kaye za filimuyo, afune asafune.

Tisamunamizire, filimuyo inali ndi mutu. Inali ya akupha aganyu awiri, anthu olembedwa ntchito yochotsa moyo wa mnzawo, koma opepera kotheratu. Anatumidwa kukapha mkulu wina wogula mtedza. Galimoto analibe, choncho ankayenda pa njinga imodzi yonyamula anthu, n'kumakangana msewu wonse wa ku Mwami kuti apalase ndani. Mfuti inali imodzi, chipolopolo chimodzi, ndipo chipolopolocho chinathera pa tambala wa eni ake amene sanalakwe kanthu. Osewera akupha aja anali Sipho, wometa wa khomo loyandikana, ndi Malcolm, wokonza njinga. Lemmy anaithera filimuyo pafupifupi zaka ziwiri, ndipo anali atalumbira kuti tsiku loionetsa koyamba anthu a ku Chipata adzasiya kumutcha "wa mavidiyo a maliro uja".

Panali munthu mmodzi amene mawu ake akanatha kudzaza holo kapena kuisiya mipando yokhayokha. Ameneyu anali Mainess, mkulu wake wa Charity. Mkati mwa sabata ankagulitsa mankhwala m'tauni, koma Loweruka masana ankakhala pa wailesi ya m'deralo n'kumaunika mafilimu. A nkhonya ndi nthabwala, makamaka awa a akupha aganyu, ankawadziwa kuposa mmene ankadziwira abale ake ena. Ankauza omvera kuti iyi ndewu zake n'zabwino koma nthabwala zake n'zozizira, iyo wosewera wake amaseketsa akakhala chete kuposa akamalankhula, inayo musatayirepo bandulo yanu. Sankapsatira mawu, ndipo n'chifukwa chake madalaivala a minibasi ankakweza wailesi iye akangoyamba.

Kutatsala masabata awiri kuti filimu ionetsedwe, Lemmy anaitana mlamu wakeyo kushopu. Anamupukutira mpando, anamugulira chakumwa chozizira, n'kuyatsa kompyuta ali ndi nkhope ya munthu amene akudziwa kale kuti ayamikiridwa. Ndipo zinayamba monga ankafunira. Mainess anaseka mpaka kugwira nthiti. Pamene akupha aja anayamba kupepesa kwa tambala wakufayo, anachita kupempha kuti aimitse kaye, apume.

Kenako linafika gawo lomaliza. Mkulu wa mtedza uja ananamizira kufa kuti apulumuke, ndipo akupha awiriwo anavala zitenje ndi mipango n'kupita kumaliro kukatsimikiza. Pa kanema panaoneka khamu la anthu pansi pa mtengo wa mango, amayi a kwaya akuimba, bokosi likutsitsidwa m'dzenje. Mayi wina wachikulire anakuwa n'kugwa pansi, ndipo pomwe ankagwapo panamveka kalikhweru koseketsa. Kugwako kunabwerezedwa katatu.

"Imitsani pamenepo, mlamu," anatero Mainess.

"Ndiye pokoma pomwe pano. Dikirani muone Sipho akulira."

"Ndati imitsani. Mayi akugwawa ndani?"

"Aa, anthu chabe a kumudzi."

"Anthu chabe a kumudzi munawaphunzitsa ndinu kulira chonchi?"

Lemmy anakanda m'mutu, kenako anafotokoza ngati nkhani yaing'ono. Anali maliro a bambo Alfonsi a ku Chipangali, amene anamwalira nyengo ya mvula yapitayo. Mwana wawo Limbani ali ku Joni ndipo analephera kubwera, choncho anamuimbira Lemmy foni kuti akajambule zonse, iye adzaonere komweko. Vidiyo inatumizidwa, koma ina inatsala m'kompyuta. Mayi wogwayo anali a Dolika, mkazi wa malemuwo. Lemmy anati anayesapo kusonkhanitsa anthu a m'komboni kuti achite maliro ongopeka, koma onse ankangoseka pamene amayenera kulira.

"Ndiye ndaba chiyani?" anafunsa. "Kamera ndi yanga, wojambula ndine."

"Kamera ndi yanu, maliro si anu," anayankha Mainess. "Mverani, mlamu. Ine ndaonera mafilimu a akupha aganyu osawerengeka. Munthu amaponyedwa pawindo la nyumba yosanja, ife n'kumaseka. Mukudziwa chifukwa chake? Tonse timadziwa kuti kamera ikazima adzuka, asanse fumbi, akadye. Magazi ake ndi tomato. A Alfonsi sadzuka, ndipo mayiwa sakusewera. Chotsani gawoli. Zina zonsezi n'zabwino, sindinaonepo filimu ya kuno yoseketsa chonchi. Koma apa mwalowetsa imfa yeniyeni m'nyumba ya nthabwala, ndipo ikatuluka ituluka ndi dzina lanu."

Mawu oyamikirawo Lemmy sanawamve n'komwe. Khutu lake linangotola "chotsani". Iyetu anali ataona kuti gawo limeneli ndilo linkapatsa filimu yake ulemerero, khamu lalikulu ngati la m'mafilimu akunja, ndiye wina abwere aziti chotsani?

"Ndinadziwa ine," anatero akuzimitsa kompyuta mwaukali. "Azungu akamaphana mumawaombera m'manja. Wakwanu akayesa, mumamufunira zifukwa. Manje anthu a ku Chipangali adzaionera kuti filimuyi? Ali kuminda kwawo, akukumba nshawa. Sindichotsa ngakhale kachidutswa."

"Chabwino. Loweruka ndikainena pa wailesi monga ndaionera. Dzina la banjalo sindikatchula, koma bodza sindikanena."

Madzulo ake Charity anapita kwa mkulu wake kukachonderera. Anakhala pamphepete pa mpando, akupotokola kona ya chitenje.

"Asisi, mungoti ndi yabwino, basi. Munthuyu sagona chifukwa cha filimu imeneyi. Mukaitsutsa, m'nyumba mwanga simukhalika."

"Ndikumumvera chisoni, ndipo iwenso ndikukumvera chisoni," anatero Mainess. "Koma tsiku limene ndidzayamikire chinthu chifukwa ndi cha mlamu wanga, ndidzatule pansi pulogalamuyo. Ukamuuze achotse gawolo. Nthawi ilipo, ndipo akafuna ndimuthandiza kupeza anthu odziwa kulira kwabodza. Ku Kapata kuno sasowa."

Loweruka linafika, ndipo Mainess anachita zimene ananena. Anayamikira njinga ija, anayamikira tambala, anati Sipho ali ndi nkhope yoseketsa ngakhale asanatsegule pakamwa. Kenako anatsitsa mawu. Anati muli gawo limodzi limene wapempha mwini wake kuti alichotse, chifukwa lili ndi misozi imene sinapangidwire kuseketsa anthu. Akalichotsa, aliyense apite akaseke. Akapanda kulichotsa, iye sangauze munthu kuti apite.

Mukudziwa mmene anthufe tilili. Ukatiuza kuti musasuzumire m'chipinda umo, ndiye kuti watiitana. Pofika Lolemba, Kapata yense ankafunsa za gawo loletsedwalo. Lemmy anayenda chotukumula chifuwa. Anasindikiza mapepala atsopano olengezera, ndipo pansi pa chithunzi cha Sipho ndi Malcolm analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti: FILIMU IMENE MAINESS AKUIOPA. Analamulanso kuti mlamu wakeyo asadzapondenso pakhomo pake, zimene zinamuliza Charity.

Sipho ndi Malcolm ndiwo ankasonkhezera moto. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo la shopu n'kumamutcha "bwana dairekita".

"Ndi nsanje chabe," ankatero Sipho uku akunola lezala. "Mayi uja amangolankhula za mafilimu a anzake, iye anapangapo iti?"

"Gawo la maliro ndiye nyama yake," Malcolm ankavomereza. "Mukachotsa pamenepo mwatsala ndi msuzi."

Lemmy ankamva kukoma. Kamodzi kokha, ali yekha, anaoneranso gawolo n'kuyang'ana nkhope ya mayi Dolika, ndipo mumtima munamulasa kanthu. Koma anakumbukira mapepala amene anali atamata kale pamitengo ndi pazipupa, ndipo anaona kuti kubwerera m'mbuyo kukanakhala kugonja kwa mkazi wa pa wailesi. Anawonjezera mphamvu ya kalikhweru kaja kuti kazimveka mpaka kumbuyo kwa holo.

Chimene Lemmy sankadziwa n'chakuti malemu Alfonsi analinso ndi mwana wamkazi, Faith, wosoka zovala mumsika wa ku Kapata komweko. Iye sanamvere pulogalamu ya Mainess, poti Loweruka ndi tsiku la makasitomala. Anangoona mapepala aja. Masiku amenewo anali atatenga mayi ake kumudzi kuti adzapumuleko m'tauni, chifukwa chimwalirireni bambo, mayiwo anali asanasekepo. Ankangokhala pakhonde, manja pamiyendo, kuyang'ana msewu. Faith ataona anthu awiri opusa pa njinga imodzi, anati mwina izi zingawatsegule kumaso mayi anga.

Lamulungu masana holo ina ya ku Kapata inadzaza mpaka ena kuima m'mbali. Mawindo anatchingidwa ndi mabulangete kuti mukhale mdima. Lemmy anavala jekete ngakhale kunali kotentha, ndipo anakhala pafupi ndi makina oonetsera. Ataona Mainess akulowa, atagula tikiti yake ngati wina aliyense, anamwetulira monyoza. Mainess sanamuyang'ane. Anakaima kumbuyo pafupi ndi khoma, atapinda manja.

Filimu inayamba, ndipo holo inagwedezeka ndi phwete. Anthu anaona misewu yawoyawo, msika wawo, phiri limene amaliona tsiku lililonse, ndipo anakondwa. Tambala atagwa, mayi Dolika anaseka. Anayamba ndi kugwira pakamwa ngati akuchita manyazi, kenako anangodzisiya, mapewa akugwedezeka. Faith anawagwira dzanja, misozi yachimwemwe ili m'maso. Anathokoza Mulungu chamumtima chifukwa cha munthu amene anapanga filimuyo.

Choyamba kuchizindikira mayi Dolika inali nyimbo. Inali ya kwaya ya kwawo, ndipo mawu otsogolera anali a mnzawo wa mumphakati wa kutchalitchi. Kenako anaona mtengo wa mango wa kumanda a kwawo. Anaona bokosi limene anasankha okha. Asanamvetse chimene chikuchitika, anadziona okha pa chinsalu chachikulu, atavala zakuda, akukuwa dzina la mwamuna wawo n'kugwa. Kalikhweru kanalira, ndipo holo yonse inafa nacho chiseko. Anagwanso kachiwiri, anthu n'kusekanso.

Pa kugwa kwachitatu, kulira kuja kunamveka kawiri, pa chinsalu ndi pakati pa mipando. Amene anali pafupi anatembenuka. Wina anayatsa tochi ya foni, ndipo kuwala kunagwera pa nkhope yomweyo imene inali pa chinsalu. Kuseka kunazima mzere ndi mzere mpaka kumbuyo, kunangotsala mawu a Sipho wa mufilimu akulira monamizira atavala mpango.

"Zimitsani!" anakuwa Faith. "Awa ndi maliro a atate anga!"

Lemmy ankangoyang'ana mabatani a makina ake ngati sanawaonepo chibadwire. Anali Mainess amene anayenda m'mbali mwa khoma n'kuzula waya wa magetsi. Wina anagwetsa bulangete la pawindo, ndipo dzuwa linalowa pa anthu amene aliyense ankayang'ana pansi.

Mayi Dolika anaimirira okha. Anamanga bwino chitenje chawo, anapukuta kumaso, n'kuyenda pang'onopang'ono kulowera kukhomo. Atafika pamene panali Lemmy anaima. Sanakweze mawu, koma m'holomo munali zii moti aliyense anamva.

"Ndakukumbuka, mwana wanga. Tsiku lija tinakuimika pafupi ndi dzenje, pamalo pamene pakanaima Limbani. Tinkati maso ako ndi maso ake."

Anatuluka, Faith ali pambuyo pawo, ndipo anthu anatsatira mmodzimmodzi osayang'ana kumene kunali mwini filimu. Lemmy atacheuka kuti aone anzake, anapeza mipando iwiri yopanda anthu. Sipho ndi Malcolm anali atatulukira khomo lakumbuyo, ndipo mawa lake ankauza aliyense wofunsa kuti iwo ankangosewera, za maliro sankazidziwa.

Masabata otsatira anali owawa. Limbani anaimba kuchokera ku Joni, ndipo zimene ananena sizilembeka. Banja lina limene linali litamuitana Lemmy ku ukwati linatumiza uthenga kuti lapeza wina. Za maliro ndiye musanene, ndani akanalola kamera imeneyo kuyandikira bokosi la mbale wake? Dzina lija ankadana nalo linasinthadi, koma linasinthira koipa, pakuti tsopano ankamutcha "woba maliro uja". Ankatsegula shopu m'mawa, n'kukhala tsiku lonse akumvera lezala ya Sipho kuseri kwa khoma, ndipo Siphoyo analeka ngakhale kumupatsa moni.

Tsiku lina m'mawa pakhomo panaima munthu. Anali Mainess, atavala chitenje ndi nsapato zoyendera ulendo.

"Mwabwera kudzandiseka?" anafunsa Lemmy osadzutsa mutu. "Sekani. Munanena."

"Zoseka zinatha tsiku lija. Ndalankhula ndi Faith, mayi ake anabwerera kumudzi. Tsekani shopu, tikwere ya ku Chipangali. Nyamulani kompyutayo. Nkhuku yopepesera mugula nokha, wolakwa ndinu."

"Akandithamangitsa."

"Mwina. Akakuthamangitsani tithawira limodzi. Koma simukhala muno kudikira kuti anthu aiwale, chifukwa mayi aja saiwala."

Anafika dzuwa lili pamutu. Mayi Dolika anali pabwalo, akusenda mtedza m'lichero. Anawapatsa mpando, koma Mainess anakhala pansi pafumbi, ndipo Lemmy, ataona zimenezo, anakhalanso pansi ndi buluku lake la ku tauni. Mawu onse amene anakonza m'minibasi anamuthawa. Anangoti walakwa, anachenjezedwa koma sanamve, ndipo alibe chodzitetezera nacho. Kenako anatsegula kompyuta n'kufafaniza gawo lija pamodzi ndi vidiyo yonse ya maliro, mayiwo akuona.

Mayi Dolika anapitiriza kusenda kwa kanthawi.

"Nkhuku ndalandira," anatero. "Za kukhululuka ndiyamba ndaganiza, sizigulidwa pamsika. Koma ndikufunse chinthu chimodzi. Tambala uja anafadi?"

Lemmy anadabwa. "Iyayi, amama. Ali moyo. Tinangomugoneka, magazi aja anali tomato."

"Ndinadziwa," anatero mayiwo akugwedeza mutu. "N'chifukwa chake ndinaseka."

Lemmy anayang'ana mlamu wake. Mainess ankangothandiza kutola makoko a mtedza amene anagwera pansi. Apa m'pamene misozi inamutuluka mwamunayo, yamanyazi, ndipo palibe amene anamuikira kalikhweru.

Pobwerera anakhala mpando umodzi m'minibasi yodzaza matumba a chimanga. Atayandikira tauni, Lemmy anakonza kukhosi.

"Ndikajambulanso gawo lija ndi anthu ongosewera, mudzaionera?"

"Ndidzaionera ndisanadye n'komwe."

"Nanga ikadzakhala yoipa?"

"Ndidzanena pa wailesi, monga mwa masiku onse," anayankha Mainess. "Musayembekezere kuti ndasintha chifukwa takhalira limodzi pafumbi."

Lemmy anaseka pang'ono, koyamba chichitikireni zija. Anakumbukira amene ankamutcha bwana dairekita, mmene anapezera khomo lakumbuyo mofulumira. Anakumbukiranso mlamu wake amene iye anamulemba dzina papepala kuti amunyoze ndi kumuletsa kuponda pakhomo pake, yemweyo amene tsopano anali pambali pake, chitenje chili mbuu ndi fumbi la ku Chipangali. Anagwira khutu lake mosazindikira, ngati likumuwawabe. Akuluakulu sananame pamene anati wakutsina khutu ndi mnansi.